Tsiku Limene Njiwa Inafuna Kubangula

Kuseri kwa nyumba, pakati pa bafa ndi mtengo wa mandimu, kunali kachipinda ka zenera limodzi komwe Amawailesi ankagwirira ntchito. Dzinali linawakakamira kuyambira masiku amene ankakonza mawailesi m'tauni, ndipo mawailesiwo atatha fasho dzina linatsala. Atapuma pantchito anayamba kupanga tiampulifaya ta gitala, tija ta mavalavu, timababu tagalasi timene timayaka ngati khala la m'phulusa n'kumakuza mawu. M'mawa uliwonse asanagwire chitsulo chowotcherera mtovu ankavula chipewa, n'kunong'ona pemphero lalifupi, kenako n'kupisa dzanja lamanzere m'thumba. Ankati m'bokosi lotere moto wamagetsi umagona ngakhale utazula pulagi, ndipo wogwira ndi manja awiri amaupatsa njira yodutsa pamtima.

Pa zonse zimene anapanga, yapamtima inali ya mwana wawo wamkazi, chitsirizira m'banjamo, amene masana ankagulitsa nsalu m'sitolo, akaweruka n'kumaimba gitala. Bokosi lake linachokera ku matabwa a kabati yakale. Linali ndi sipika imodzi yonga mbale ndi mavalavu awiri, yaing'ono ndi yaikulu. Thiransifoma yake, imene imatenga mawu kuchokera ku valavu kupita ku sipika, anaikulunga okha ndi waya wamkuwa wopyapyala ngati tsitsi, ntchito ya milungu itatu. Mawu ake anali ofatsa, odzaza, osalasa khutu, moti a m'nyumbamo ankangoitchula kuti Njiwa. Mayi a mwanayo sankadziwa waya ngakhale mmodzi, koma tsiku lililonse ankaipukuta fumbi ndi kuifunditsa kansalu koluka, ngati imamva kuzizira.

Lachiwiri lina mtsikanayo anafika kunyumba akupuma mwamsangamsanga. Bandi ina yodziwika m'tauni inkafuna woimba gitala, ndipo Loweruka masana ofuna malowo anayenera kukaimba kuholo, aliyense ndi zida zake. Anali atadikira mwayi wotere zaka zinayi. Tsiku lomwelo kunyumbako kunali mlendo, mchimwene wa mayi, dalaivala wa lole amene anthu ankamutchula kuti a Hutala chifukwa sankatha kudutsa ngakhale nkhuku osailizira hutala. Atamva nkhaniyo anayang'ana Njiwa, n'kupukusa mutu.

"Alamu, kabokosi kanu aka n'koimbira ana kuti agone. Kuholo kuli ng'oma, kuli malipenga. Anzake abwera ndi maampulifaya aakulu ngati firiji. Mwanayu azingooneka zala zikuyenda, anthu n'kumafunsana ngati wayamba."

"Inu alamu, makutu anu anadyedwa ndi injini," anayankha Amawailesi. "Chilichonse chosabangula mumati chafa."

Onse anaseka, ndipo a Hutala anaseka kuposa onse. Koma mawu aja analowa mwa Amawailesi ngati kachitsotso m'diso. Sankaopa kunyozedwa iwo. Chimene sanathe kupirira chinali chithunzi cha mwana wawo ataima pamaso pa anthu, akuimba bwino, osamveka, chifukwa cha bokosi la bambo ake.

Lachitatu m'mawa anatsegula kumbuyo kwa Njiwa. Pansi pa valavu yaikulu pamakhala kanthu konga nyemba, ka mizere yamitundu, kamene amisiri amati rezisita. Ntchito yake ndi yonga ya chingwe cha mbuzi: kamaletsa valavu kudya moto wopyola muyeso. Amawailesi anakachotsa, n'kukaponya pansi, n'kuika kena kolekerera. Anasunthanso waya wina kuti mphamvu ilowe yochuluka. Atayatsa ndi kukhudza nsambo imodzi ya gitala, galasi la pazenera linanjenjemera. Anamwetulira. Pasanathe mphindi zisanu, fyuzi inaphulika.

Fyuzi ndi mlonda amene amalola kufa kuti nyumba isapse, ndipo Amawailesi ankadziwa zimenezi kuposa wina aliyense. Ndi iwo omwe ankadzudzula anthu omanga fyuzi ndi waya wa pamsika. Koma tsikulo anati mlondayo ndi wamantha chabe. Anafufuza m'kabokosi ka zipangizo, n'kupeza ina yonenepa kawiri, n'kuilowetsa. Sinaphulike. Anayesa nyimbo yaifupi, anazimitsa, n'kunena mumtima kuti ntchito yatheka.

Munthu akapempha nzeru m'mawa, yankho silibwera ndi mabingu nthawi zonse. Kawirikawiri limabwera ndi munthu wa m'nyumba mwako, atanyamula kansalu kopukutira. Lachinayi, mtsikana atamaliza kuyeserera, mayi anapita kuti akafunditse Njiwa, ndipo anabweza dzanja msanga.

"Bambo ake, Njiwa yatentha thupi. Ndiponso ikununkha ngati penti wopsa."

"Ndi mmene zimakhalira, mayi. Wothamanga salephera kutuluka thukuta."

Mwana naye analankhula, maso ali pansi. "Ababa, ikumveka patali ndithu. Koma mawu ake ofewa aja sindikuwamva. Komanso chitsulo cha m'kati mwa valavu yaikuluyo chikufiira. Kale sichinkatero."

"Iwe dziwa nsambo, mwanangu, mawaya undisiyire. Zaka makumi atatu ndili m'mabokosi amenewa. Loweruka ukamveka mpaka kumsewu."

Analankhula mokoma, mopanda ukali, ndipo chifukwa cha chimenecho panalibe amene anapitiriza. Mayi anapinda kansalu kaja, n'kukaika pampando, poopa kuti kangapse.

Loweruka a Hutala anawanyamula onse pa lole. Kuholo anapeza oimba gitala ena atatu, ndipo zinali zoona kuti ena anali ndi maampulifaya ofika m'chiuno. Mtsikanayo anaikidwa kumapeto. Mayi wina woyang'anira zamawu, atakoleka mahedifoni m'khosi, ankayenda pa nsanja akuimika maikolofoni kutsogolo kwa ampulifaya iliyonse. Atafika pa Njiwa anagwada, n'kusisita matabwa ake.

"Aka n'kopanga pamanja? Timeneti ndi timene timatisangalatsa ife. Yatsani katenthe, achemwali, koma musakweze kwambiri. Kukuza ndi ntchito ya maikolofoni, kuno timangofuna kukoma kwake."

Amawailesi anamva mawuwo ali kumbuyo kwa holo. Zonse zimene anachita Lachitatu zinali zosafunika. Ankadziwanso chinthu china chimene ena onse sankadziwa: valavu yotere imadya moto womwewo kaya ikuimba kaya ili chete, ndipo kutsitsa mawu sikuipumitsa. Chiisinthireni, kunyumba sinayakepo kupitirira theka la ola. Apa inayenera kudikira anthu atatu, aliyense nyimbo ziwiri. Anaganiza zopita kutsogolo kukauza mwana kuti azimitse kaye. Koma kutero kunali kuvomera pamaso pa alamu awo kuti m'bokosimo muli vuto. Anadziuza kuti thiransifoma anaikulunga okha, ndipo ntchito ya manja awo sinawachititsepo manyazi. Anakhala pansi.

Nthawi ya mtsikanayo itakwana, nyimbo yoyamba inayenda ngati madzi a mumfuleni. Mtsogoleri wa bandi, amene kwa ena aja ankangolemba m'kabuku, anaika cholembera pansi, n'kukweza mutu. Woimba ng'oma anayamba kumutsatira mopepuka, osauzidwa. A Hutala anagunda alamu awo ndi chigongono. Nyimbo yachiwiri itafika pakati, mawu anasasa ngati munthu wa chimfine, kenako anaduka. Kumbuyo kwa bokosi kunatuluka utsi wopyapyala wotuwa, ndipo fungo la waya wopsa linafika mpaka kumipando yomaliza. Valavu inali itagonja, ndipo mlonda wonenepa uja sanafe, anangoima n'kumaonerera moto ukulowa mu thiransifoma. Mayi wa zamawu anathamanga n'kuzula pulagi.

Ndiye mmodzi wa opikisana nawo, mwamuna wandevu amene anaimba koyamba, ananyamuka osapemphedwa, n'kukankhira ampulifaya yake pafupi ndi mtsikanayo. Anamulumikizira yekha waya, n'kubwerera pamalo pake. Mtsikanayo anathokoza, n'kuyambiranso. Anamaliza nyimbo, koma mawu a bokosi lachilendolo anali ouma, osamvera dzanja lake. Malo anapatsidwa kwa wandevu uja. Potuluka, mtsogoleri wa bandi anamugwira chanza mtsikanayo, n'kunena kuti nyimbo yoyamba ija sadzaiiwala. Anali mawu abwino, koma mawu abwino sali malo.

Pobwerera, a Hutala sanalize hutala ngakhale kamodzi, ngakhale pamene njinga inawadula kutsogolo. Atatsala pang'ono kufika anakhosomola.

"Alamu, pakamwa pangapa ndi pamene pawotcha bokosi la mwana."

"Ayi, alamu. Inu munangolankhula. Chitsulo ndinagwira ndine."

Dzuwa lisanalowe Amawailesi anaika Njiwa patebulo la m'kachipinda kaja. Anadikira, anatsitsa moto wotsalira monga mwa nthawi zonse, dzanja lamanzere lili m'thumba, n'kutsegula. Thiransifoma inali yakuda bii, waya wa milungu itatu atasungunukira pamodzi. Mwana wawo anaima pakhomo. Bamboyo analankhula osatembenuka.

"Mwanangu, mwayi wako ndakulanda ndi manja angawa."

"Inenso ndinaona ikufiira, ababa. Ndikanalimbikira."

"Unanena. Mayi ako ananena. Fyuzi nayo inanena, ndipo inafa ikunena. Wosamva ndinali ine."

Mtsikanayo analowa, n'kukhala pa kampando kamene ankakhalapo ali wamng'ono akamawagwirira tochi. Misozi inali itauma kale. "Ndiye mundibwezere Njiwa yanga," anatero. "Mkango uja sindinaupemphe."

Amawailesi anagwedeza mutu. Anati waya alipo, valavu ina ipezeka, koma karezisita koyamba kaja anakataya, ndipo ayenera kukafunafuna kofanana nako. Apo mayi, amene ankamvetsera ali panja, anapita m'nyumba n'kubwera ndi chitini chawo cha mabatani. Anavundula ndi chala pakati pa mabatani ndi mapini, n'kutulutsa kanthu konga nyemba, ka mizere yamitundu.

"Ndinakapeza posesa Lachitatu," anatero. "Sindikudziwa ntchito yake. Ndinangoti mwini wake adzakafuna mtima ukadzatsika."

Amawailesi anakalandira ndi manja awiri, ngati mphatso ya kwa mfumu.

Kukulunga kunatenganso milungu itatu. Maso anali atafooka kusiyana ndi kale, choncho mwana akaweruka ankakhala pambali n'kumawerenga mizungulo ya waya mokweza, bambo akupota. Karezisita kanabwerera pamalo pake. Fyuzi anaikamo yopyapyala ya muyeso wake, ndipo yonenepa ija anaikhomera pakhoma pamwamba pa tebulo, pamene maso amafika munthu akamaliza kupemphera. Tsiku loyatsa anaisiya maola awiri. Mayi anaika dzanja pamwamba pake, n'kunena kuti yafunda ngati mphumi ya mwana wopanda malungo. Mtsikanayo anakhudza nsambo, ndipo mawu aja ofatsa anadzaza kachipindako osagwedeza galasi.

Wandevu uja akuimbabe m'bandi ija mpaka lero, ndipo akakumana ndi mtsikanayo pamsewu amapatsana moni mwaulemu. Mtsikanayo akugulitsabe nsalu, akuyeserera madzulo alionse, akudikira khomo lina. Chimene chinatayika Loweruka lija sichinabwerere, ndipo m'nyumbamo palibe amene amanamizira kuti chinabwerera.

A Hutala anabweranso mwezi wotsatira. Anamvetsera nyimbo yonse atatseka maso, kenako anatsegula diso limodzi.

"Ikukoma, alamu. Koma simungakwezeko pang'ono pokha?"

Mayi anawaponyera kansalu kopukutira, ndipo onse anaseka. Amawailesi analoza fyuzi ya pakhoma ija ndi chitsulo chawo chowotcherera. Anali atalipira mtengo wa phunziro limene akale anatisiyira kwaulere: ng'oma yoliritsa sichedwa kung'ambika.