Phazi la Mdani

Panali munthu wina m'dziko la Israeli, wansembe wa banja la Aroni. Pa ntchito zake panali imodzi imene ansembe ankakankhirana: kuyang'ana akhate. Masiku amenewo wodwala khate ankakhala kunja kwa mudzi, ndipo akapola sankangobwerera kwawo yekha. Wansembe ankatuluka kukamuyang'ana thupi lonse. Akati wayera, munthuyo ankalowa. Akati ayi, ankatsala kuthengo komweko.

Tsiku lina kunabwera uthenga woti wakhate wina wapola. Wansembeyo atamva dzina, analizindikira. Anali munthu yemwe zaka zapitazo ananamizira mng'ono wake wa wansembeyo kuti waba nkhosa. Mng'onoyo anakwapulidwa pabwalo mpaka kuthyoka m'chiuno, ndipo kuyambira pamenepo ankayendera ndodo. Wonamayo sanapepesepo ndi tsiku limodzi lomwe.

Mng'ono uja anatsimphina mpaka pakhomo pa mkulu wake.

"Achimwene, Mulungu wam'pereka m'manja mwanu. Mawu amodzi okha, akafera konko. Adzakutsutsani ndani?"

Ndipo ankanena zoona. Panalibe womutsutsa.

Wansembe anatuluka m'mudzi. Anapeza munthuyo ataonda, mkazi wake ndi ana ataima chapatali. Anamuyang'ana kumutu, kumsana, m'khwapa. Kuseri kwa bondo anapezako banga lotuwa. Diso lake linadziwa kuti ndi chipsera chabe, koma akanati ndi khate aliyense akanavomera. Analiyang'ana bangalo nthawi yaitali.

"Ambuye wanga, ndikudziwa chimene ndinachita," anatero wakhateyo.

Wansembe anadzuka, n'kunena ndi mawu ouma kuti, "Wayera." Anabwerera osacheuka.

Mukuti yathera pamenepo? Nayenso ankayesa choncho. Koma lamulo linali lisanathe naye. Tsiku lachisanu ndi chitatu wopolayo anabwera ndi mwanawankhosa pakhomo pa nyumba ya Mulungu, ndipo wansembe anayenera kutenga mwazi ndi chala chake n'kumupaka malo atatu: pa khutu lamanja, pa chala chachikulu cha kudzanja lamanja, ndi pa chala chachikulu cha kuphazi lamanja.

Anthu anadzaza bwalo, pakuti nkhaniyo ankaidziwa onse. Mng'ono uja anaima kutsogolo, atatsamira ndodo yake.

Wansembe anapaka khutu ali chiimire. Anapaka chala cha kudzanja ali chiimire. Kenaka anayang'ana pansi. Phazi linali apo, long'aluka zidendene, lotuwa ndi fumbi la kuthengo. Kuti alifike anayenera kugwada pamaso pa munthu amene analumaza m'bale wake, mudzi wonse ukuona.

Anaima njoo. Mwazi unayamba kuuma pachala pake.

Wopolayo anachita manyazi. Anayesa kutukula mwendo kuti phazi likwere lokha, koma anali wofooka, ndipo anadzandira.

Apo wansembeyo anakumbukira tsiku limene iye anapatulidwa kukhala wansembe. Mkulu wa ansembe, nkhalamba ya mawondo owawa, anamupaka mwazi pa khutu ndi pa dzanja, kenaka anagwada m'fumbi n'kumugwira phazi. Anali malo atatu omwewo. Nkhalambayo sinamufunse ngati anali woyenera.

"Ponda pansi," anatero wansembe.

Anaviikanso chala m'mwazi, anagwada, n'kuligwira phazilo ndi manja onse awiri. Ali chogwada choncho anamva kugogoda kwa ndodo: mng'ono wake ankachoka pabwalo. Koma wansembeyo sanadzuke mpaka atamaliza.

Tsono inu amene tikukuikani manja lero kuti mukhale abusa, ndi inu nonse amene mumakonda kunena kuti mwa Khristu tonse ndife ansembe, ndikukuonani mukumwetulira. Dzinalo ndi lokoma, inde. Khutu la munthu mudzalifika muli chiimire, ulaliki ndi womwewo. Dzanja lake mudzaligwira muli chiimire pakhomo la tchalitchi, mano onse ali pamtunda. Koma tsiku lina adzakutumani kunyumba ya munthu amene anakuipitsirani mbiri, ali gone pamphasa, ndipo abale anu omwe adzakuuzani kuti musapiteko. Mwina adzakukwiyirani chaka chathunthu. Sindikukulonjezani kuti wodwalayo adzapepesa. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Musananyamuke tsiku limenelo, mudzavule nsapato n'kuyang'ana phazi lanu. Alipo amene analigwadira, Khristu mwini, inu musanapepese.