Dikirani Kaye, Alamu Aione

Panali munthu wina amene ankakhala m'tsinde mwa phiri lalitali, kumene nkhungu imachedwa kuchoka ndipo madzi a mumtsinje amazizira mpaka kuwawa m'mano. Ntchito yake inali yoperekeza alendo kokawedza nsomba. Alendowo ankachokera kutali, ena kunja kwa dziko lino, ndipo iye ankawatsogolera m'tinjira ta m'nkhalango, kuwanyamulira zikwama ndi kuwalozera pamene nsomba zabisala.

Kuwedza kwake sikunali kuja tikukudziwa ife, kwa nyongolotsi. Kumeneko amatenga nthenga ya nkhanga, kaulusi ndi kambedza kakang'ono, n'kumanga kanthu kooneka ngati ngumbi. Akatero amazunguza chingwe chachitali m'mwamba, n'kuchiponya kuti kangumbi kaja katere pamadzi mwakachetechete. Nsomba ikakhulupirira, yakodwa. Ndipo akaigwira saidya ayi. Amaiyang'ana, kuijambula, n'kuibweza m'madzi.

Ndikuona ena mwayamba kale kupukusa mitu. Ee, zilipo zimenezo: munthu kukwera ndege, kuvutika ndi phiri, kugwira ndiwo n'kuzitaya! Koma lamulo la mtsinje umenewo linali lomwelo, ndipo munthu wathuyu ankadyera momwemo, chifukwa nsomba yobwezedwa lero ndi imene imaitana mlendo wa mawa.

Ntchito yakeyi ankaidziwa bwino. Asanakhudze nsomba ankayamba wanyowetsa manja kuti asaisupule khungu lake loterera lija. Ndipo mlendo aliyense watsopano ankamuuza mawu amodzimodzi: "Ikangotuluka m'madzi, inunso muleke kupuma. Mukayamba kubanika, dziwani kuti nayonso yabanika. Ibwezeni."

Tsono kunsi kwa mathithi kunali dziwe lakuya, ndipo m'dziwemo munkakhala nsomba imodzi yaikulu, yamawangamawanga, yotalika ngati mkono wa munthu wamkulu. Iye anaipatsa dzina loti Nagama, potengera mayi wina wa m'mudzi mwawo amene sankayankha moni wa munthu wamba. Nsombayo inalidi yamatama. Inkabwera n'kununkhiza nthenga zija, kenako n'kutembenuka monyada. Mbiri yake inafika kutali. Alendo ankabwerera chaka ndi chaka kudzayesa mwayi pa Nagama, ndipo akalephera ankapita akuseka, akunena kuti chaka chamawa. Ana a munthuyu ankadya ndi kuvala chifukwa cha nsomba imene inkakana kugwidwa.

Tsiku lina mlendo wake atatopa, munthu wathu analanda ndodo yowedzera ya mlendoyo n'kunena kuti amuonetse mmene akatswiri amachitira. Tsidya lina la dziwelo kunali mlamu wake, mchimwene wa mkazi wake, amenenso ankagwira ntchito yomweyi, ali ndi alendo ake. Munthu uja anaponya bwinobwino, ndipo Nagama anameza. Koma chimwemwe chake sichinakhalitse. Nsombayo inathamangira pansi pa mizu, iye n'kuponda mwala wandere, n'kugwera m'madzi khuvu! Ndodo inathyoka. Chipewa chinapita ndi madzi. Anavuuka akutsokomola, alendo a mbali zonse ziwiri atagwira nthiti.

Mlamu si munthu wokusungira chinsinsi chotere. Nkhaniyo inafika kuchigayo, inafika kumsika, inafika ngakhale pamaliro. Akakumana panjira, mlamuyo ankavula chipewa mwaulemu wabodza n'kunena kuti, "Alamu, a Nagama akupereka moni. Akuti chipewa chanu chija chikuwakwana bwino." Munthu uja ankaseka nawo, koma kuseka kwa mano okha. Mumtima anasunga kanthu.

Panapita nthawi. Inafika miyezi yotentha, mtsinje unaphwa, madzi anafunda. Nthawi ngati imeneyo nsomba sichedwa kulefuka, ndipo iye ankadziwa zimenezo kuposa wina aliyense. Ndi m'masiku amenewo pamene kunabwera mayi wina wachikulire, waimvi, wochokera kunja. Mayiyu anali atawedza m'mitsinje yambiri, mpaka kunyanja za madzi amchere kumene munthu amayenda mtunda wautali madzi akulekeza m'maondo. Chichewa ankachidziwa pang'ono, cha moni ndi zikomo. Sankalankhulalankhula, koma dzanja lake linali lofatsa, ndipo kangumbi kake kanatera pamadzi ngati kagwa kokha kuchokera mumtengo.

Nagama anameza.

Analimbana kwa nthawi yaitali, nsomba kukoka, mayi kulolera, nsomba kutopa, mayi kukoka. Pomaliza munthu wathu analowetsa kaukonde kake pansi pa nsombayo n'kuitukula. Anaichotsa mbedza, anainyamula, mayi uja anajambula kamodzi, n'kutsitsa foni.

"Basi, bambo," anatero mayiyo, akuloza dziwe. "Madzi."

Apa ndi pamene panali nkhani, abale anga. Dziwe linali pamapazi ake. Chinangotsala ndi kuwerama. Koma atakweza maso anaona kumunsi kwa mtsinje, patali ndithu, mlamu wake uja ali ndi alendo ake. Mtima unamuuza kuti: ukaibweza tsopano, ndani adzakhulupirire? Adzati chithunzicho n'cha nsomba ina. Adzati wagwira ndi mzimayi, iwe unangonyamula chikwama. Ndipo kupha sindikupha ayi, kuibweza ndiibweza.

"Dikirani kaye, mayi," anatero. "Alamu aione."

Anaimba mluzu. Anakuwa. Akanatha kuisiya m'kaukonde, m'madzi, podikira. Koma ankafuna kuti mlamuyo aione ali kutali komweko, ndiye anaitukula pamwamba pa mutu wake. Mlamu naye sanafulumire. Anabwera akudumpha miyala mosamala, akuthandiza alendo ake kuwoloka. Dzuwa linali likuswa mtengo. Manja a munthu uja anauma. Nsomba inaphiriphitha, inamupulumuka n'kugwera pamchenga wotentha. Anaitola msangamsanga, anaisansa mchenga ndi malaya, n'kuitukulanso. Inkatsegula pakamwa n'kutseka, kutsegula n'kutseka. Iye ankapuma bwinobwino, ankasekanso. Lamulo lake lomwe lija anali ataliiwala.

Mlamu anafika, anaiyang'ana, anavula chipewa, ulendo uno moona mtima. "Ndagonja, alamu," anatero. Mawu amenewo anamukomera munthu uja ngati uchi. Alendo a mlamuyo nawonso anapempha kujambula, wina ndi wina, ndipo sanawakanize.

Onse atakhutira, anagwada m'mphepete mwa dziwe, n'kulankhula mokweza kuti aliyense amve: "Pitani, a Nagama. Ndakukhululukirani."

Nsombayo inangoti duu m'madzimo. Inapendekeka, inadziwongola, kenako inagwedeza mchira pang'onopang'ono n'kulowa pakuya. Anthu anaomba m'manja. Anati taonani munthu wamtima wabwino, nsomba yomwe inamuchititsa manyazi waimasula. Mayi waimvi yekha ndiye sanaombe nawo. Anali akukulunga chingwe chake, nkhope itayang'ana kumbali.

Kutacha munthu uja anapitanso kudziweko, mtima uli mbee. Nsomba ija anaipeza kumunsi kwa dziwe, itakodwa pakati pa miyala, mimba ili m'mwamba. Nkhanu zinali zitayamba kale kudya maso. Pakhungu pake, pamene manja ouma aja anagwira, panali potuwa, ndipo anazindikira zala zake zomwe.

Anakhala pamwala nthawi yaitali. Chisoni chinamugwira, chisoni chenicheni, chifukwa nsomba imeneyo ankaikonda ngakhale ankaikwiyira. Atafika kunyumba anafotokozera mkazi wake, ndipo pomaliza anati, "Koma ine sindinaiphe. Ndinaibweza m'madzi. Anthu onse anaona."

Mkaziyo anamuyang'ana n'kuyankha motsitsa mawu: "Ee, anthu onse anaona, bambo a Fatsani. Nanga si zimene munkafuna?"

Chaka chotsatira alendo aja anabwera monga mwa nthawi zonse, akufunsa za Nagama. Ankawaimiritsa padziwe lopanda kanthu n'kuwatulutsira chithunzi m'foni. Koma chithunzi sichikoka chingwe. Ena anapita kumitsinje ina osabweranso, ndipo mayi waimvi uja sanapondenso kumeneko. Mlamu naye analeka kumuseka. Akakumana ankangopatsana moni wamba, ndipo munthu uja anayamba kulakalaka nthabwala ya chipewa ija, chifukwa nthawi imene ankasekedwa nsomba yake inali moyo.

Abale ndi alongo, fanizoli si la nsomba. Ndi la ife amene timadziwa kukhululuka, koma timakhululuka mochedwa.

Alipo munthu amene anakulakwirani. Anakugwetsani m'madzi anthu akuona, ndipo zinakupwetekani, zimenezo sindikutsutsa. Tsiku lina Mulungu anamupereka m'manja mwanu. Anabwera yekha, mutu uli pansi, n'kunena kuti pepani. Mwina ndi mwamuna wanu, mwina mkazi wanu, mwina mwana wanu, mwina amene mumaimba naye kwaya. Inu ndinu Mkhristu, kubwezera simungabwezere. Kumukhululukira mumukhululukira ndithu. Koma mtima umati dikira kaye, alamu aione.

Ndiye mumayamba mwaimbira foni achemwali anu a kutauni. Mumayamba mwauza apongozi. Nkhaniyo mumaipititsa kumapemphero a pakati pa sabata, mutaikulunga bwino: "Timupempherere m'bale wathu uja, pakuti zimene wachita n'zosayenera kunena." Kenako n'kuzinena zonse, osasiyako n'chimodzi chomwe. Musayang'ane pansi, ndikudziwa kuti mapemphero oterewa timawatha tonse.

Nthawi yonseyo mnzanuyo ali kunja kwa madzi. Manyazi amabanikitsa, abale anga. Munthu amene aliyense akumudziwira tchimo lake sapuma bwino, ngakhale atavala suti. Inu mukupuma, mukulandira chipepeso kwa anthu, mukumva kukoma kuti mlamu wagonja. Iye akungotsegula pakamwa n'kutseka.

Pomaliza mumagwada, n'kunena mokweza kuti mwamukhululukira. Mpingo umaomba m'manja. Iye amamwetulira, amagwedeza mchira, n'kupita. Mumaganiza kuti zatha bwino. Koma pakapita milungu, pampando pamene ankakhala palibe munthu. Kapena m'nyumba alimo, akuphika, akulima, akuyankha mukamufunsa, koma munthu uja munkaseka naye anafa kalekale, ndipo pamtima pake pali zala zanu. Mukafunsidwa mumati, "Ine ndinamukhululukira, anthu onse anaona." Zoonadi, anaona.

Taganizani mmene Mulungu anachitira ndi inu. Tsiku lija munabwera kwa Iye ndi zimene ngakhale mnzanu wapamtima sazidziwa, kodi anaimba mluzu? Kodi anakutukulani pamwamba kuti mudzi wonse ukuoneni? Anakubwezani m'madzi nthawi yomweyo, mwakachetechete, ndipo n'chifukwa chake lero mwakhala pano mutakweza nkhope.

Sindikunena kuti choipa chizibisidwa. Pali milandu yofunika akuluakulu, ndipo munthu amene akuvulaza anzake sitimuphimba. Ndikunena za uja wagonja kale, amene wagona m'manja mwanu wopanda mphamvu, amene mukumuchedwetsa chifukwa chongofuna kuti anthu adziwe kuti wolakwa sanali inu.

Ngati muli naye wotere lero, kumbukirani lamulo limene munthu wa kuphiri uja ankaphunzitsa ena koma iye n'kuliiwala. Mnzanu akakhala kunja kwa madzi, inunso muleke kupuma. Mudzaona kuti nthawi yake ndi yochepa bwanji. Weramani, mubwezeni akadali moyo. Alamu akapanda kumuona, palibe chimene mwataya.