Chumuni Choloza kwa Mayi Telala

Mphekesera imene yadzaza mumsewu muno ndi yakuti Mayi Telala analodza mwana wa wophika buledi. Pampopi nkhani ndi yomweyo, pomangitsa tsitsi ndi yomweyo, mpaka makutu kuyabwa. Koma inu musamve za m'maluwa. Nkhaniyi mulibe mfiti, muli chumuni basi.

Wophika bulediyo anthu amangomutchula kuti Bambo Uvuni. Nyumba yake ili kumunsi kwenikweni kwa msewu, pamalo olowa ngati mbale. Anali ndi mwana mmodzi yekha, kamtsikana kotchedwa Kawayilesi, chifukwa kakangodzuka kankakhala pathumba la ufa n'kumawaimbira bambo ake mpaka buledi kupsa.

Nkhuni zitayamba kuvuta, Bambo Uvuni anayamba kusonkhera matayala akutha, mapepala apulasitiki ndi zidutswa za matiresi. Moto unkayaka bwino ndithu, koma utsi wake, mayo ine! Wakuda bii, wonunkha, wokanda kukhosi.

Tsiku lina Mayi Telala, amene amakhala kuseri kwa mpanda, anabwera ndi diresi loyera la mkwatibwi lili mathothomathotho ndi mwaye.

"Aneba, taonani zimene utsi wanu wachita. Mwana wa eni akwatiwe atavala ngati nkhanga?"

"Mayi, utsi umapita kumwamba," anayankha Bambo Uvuni akupukuta manja. "Kumwambako munagulako malo?"

"Suthera kumwamba ayi. Tikuupuma tonse, ndi kamwana kanu komwe."

"Za mwana wanga zisiyeni. Kasokeni zigamba zanu uko."

Tsono tamverani chipongwe chake. Miyezi imeneyo mphepo inkaomba cholowera kwa Mayi Telala. Mkuluyo anakwera padenga, n'kulumikiza paipi yopindika pamwamba pa chumuni kuti iloze pakhonde pomwe mayiwo ankasokera. Mkazi wake anayesa kumuletsa.

"Bambo a mwana, mphepo si m'bale wanu. Idzakutembenukirani."

"Iwe, ukudya buledi wa ndani?"

 Mayi Telala ataona paipiyo, anangolowetsa makina awo osokera m'nyumba, n'kumatseka mawindo.

Kenako kunabwera nyengo yozizira, mphepo n'kuleka zii. Paja mpweya wozizira ndi wolemera, umatsetsereka ngati madzi n'kukadikha pamalo otsika, wofunda n'kukhala pamwamba pake ngati chivundikiro pampoto. M'mawa uliwonse utsi uja unkatuluka m'paipi, n'kusowa kolowera, n'kugwada, n'kutsikira pabwalo pa mwini wake. Unkalowa m'mawindo, m'mabulangete, ngakhale m'kapu ya tiyi. Bambo Uvuni ankauona ndi maso ake, koma kuvomera kunali ngati kumeza mwala.

"Ndi nkhungu chabe iyi," ankatero uku akutsokomola.

Kawayilesi kanayamba ndi chifuwa wamba. Kenako pachifuwa pake panayamba kulira ngati kamwana ka mphaka. M'mawa wina kanakhala pathumba paja, kanayamba nyimbo, koma sikanaimalize. Kanangotong'ola maso, milomo itachita mbuu, kakufunafuna mpweya ngati nsomba yovuulidwa. Bambo Uvuni anaima chilili, manja ali ufa wokhawokha, mutu utaima. Amene anamva kukuwa kwa mkazi wake n'kudutsa pampanda, kubereka mwanayo kumbuyo, ulendo wa kuchipatala ali chothamanga, mukuganiza kuti anali ndani? Mayi Telala omwewo, amene lero akutchedwa mfiti.

Kuchipatala namwino anafunsa zimene mwanayo amapuma kunyumba. Atamva za matayala anagwira pakamwa.

"Bambo, utsi umenewo uli ndi tinthu ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso. Mphuno singatitchinge, timakakhala m'mapapo mwenimweni. Mwanayu apulumuka, koma mphumu yamugwira. Akabwerera mu utsi womwewo, musadzati sitinanene."

Mkazi wake sanadikire kuuzidwa kawiri. Atatuluka m'chipatala anapita ndi mwanayo kwa mchimwene wake, kutali kumtunda, ndipo mpaka lero sanabwerere. Bambo Uvuni anagwetsa paipi ija, matayala anawaleka, koma madzi akatayika saoleka. Akapita kukamuona mwana, kamawalandira bwino ndithu, koma kakayamba nyimbo kamalekeza pakati kuti kapume. Mkuluyo amangoyang'ana pansi.

Masiku ano ogula buledi akamunong'oneza kuti, "Achimwene, pitani mukaombeze, mayi aja si abwino," iye amangoloza paipi yopindika ija, imene ili gone pafupi ndi thumba la ufa lopanda wokhalapo.

Akuluakulu sananame pamene anati choipa chitsata mwini. Nanga inu, utsi umene mukuulozetsa kwa mnzanu lero, mphepo ikadzaleka adzaupume ndani?