Kompyuta Yovekedwa Juzi

Panali mayi wina ku Dedza, m'munsi mwa phiri, kumene chisanu chimalowa mpaka m'mafupa. Dzina lake anali Nachisale. Mwamuna wake anali aNgozo, mphunzitsi wopuma ntchito, munthu woti pakamwa pake sipankauma. Ukwati ukachitika m'deralo, woyendetsa mwambo ankakhala iwowo. Pabwalo la bawo, mawu omveka mpaka kumsewu ankakhala awo. Nachisale ankaseka nkumati pakhomo pake wailesi anangoigulira ulemu, ntchito yake ilipo kale woigwira.

M'mawa wina aNgozo anagwa pakhonde. Inali sitiroko. Anabwerako kuchipatala ali moyo, koma dzanja lamanja litafa, mwendo ukuchita kukokedwa, lilime litalemera. Nzeru zonse zinalimo. Maso ankaona, makutu ankamva, koma akati ayankhule pankangotuluka kubuula. Cholembera chinkawapulumuka m'dzanja lamanzere. Pafoni chala chawo chonjenjemera chinkadina zilembo zingapo nthawi imodzi. Nyumba ija inangoti zii, ndipo Nachisale anazindikira kuti phokoso limene ankadandaula nalo lija ndi limene linkamugoneka tulo.

Pakona ya pabalaza panali kompyuta yakale, zija za bokosi lalikulu, imene aNgozo ankalembera mayeso a ana asukulu. Tsiku lina anayiloza ndi chibwano, nkuyilozanso, mpaka mkazi wawo anayiyatsa ndi kuwakokera mpando pafupi. Anatukula chala chimodzi cha kumanzere nkuyamba kudina. Chilembo, kupuma, chilembo china. Nachisale anawerama nkuwerenga pa sikirini paja: "Nachisale, tiyi wanu wachepa shuga."

Mayi uja anangokhala pansi pomwepo. Analira, akusekanso, akuwomba m'manja. Mwamuna wake anali atabwerera, ndi matama ake omwe! Kuyambira tsiku limenelo kompyuta ija inasanduka pakamwa pa aNgozo. Moni wa m'mawa unkadzera momwemo. Pamene pakupweteka, chimene akufuna kudya, ngakhale kukangana kumene, zonse zinkadzera momwemo.

Tsono muyenera kumudziwa Nachisale. Anali mayi wofunditsa. Chinthu akachikonda, ankachiphimba. Wailesi inali ndi kansalu kake, jagi ya madzi kansalu kake, Baibulo thumba lake loluka. Chisanu cha Juni chitafika, anayang'ana kompyuta ija nkuganiza kuti, chinthu chonyamula mawu a mwamuna wanga chingamakhale chamaliseche chonchi? Anagula ulusi wofiira, wonenepa, nkuiluka juzi. Ndipo inali juzi, abale! Yothina bwinobwino, ya mabatani kumbuyo, yongosiya kabowo ka poyatsira ndi potulukira nthambo. Anati fumbi lisailowe, chisanu chisaigwire.

ANgozo nawo anawachita chimodzimodzi. Bulangete pamwamba pa bulangete, chipewa kumutu, sikafu m'khosi. Mazenera anatseka, makatani anakoka. Anzawo a pabawo akabwera kudzawaona, ankawalandirira pakhonde nkuwauza kuti akupuma. Ankaopa kuti angawabweretsere chimfine, ankaopanso kuti anthu angaone woyendetsa maukwati uja akutuluka dovu. Anzawo aja anabwera, anabweranso, kenako anasiya.

Sipanapite nthawi, kompyuta inayamba kudwala. M'mawa ikangoyatsidwa inkayenda bwino. Koma tiyi asanazizire m'kapu inkayamba kukoka miyendo. ANgozo akadina chilembo, chinkatulukira mochedwa ngati chikuchokera kutsidya kwa mtsinje. Kenako pa sikirini pankabwera mizere yobiriwira ndi yofiirira. Mawu ankang'ambika pakati, chithunzi nkumanjenjemera, m'bokosi muja mukumveka kulira kosalekeza. Mapeto ake zonse zinkangouma, osasunthanso.

ANgozo ankalemba kuti "Ndikufuna," kompyuta nkuima pomwepo. Nachisale sankadikira. Ankawamalizira yekha.

"Mukufuna bulangete lina? Mwazizidwa eti?"

Ankathamanga kukatenga. ANgozo ankangotsinzina. Kompyuta nayo, poona kuti ikudwala, Nachisale anaiwonjezera chitenje pamwamba pa juzi.

Mayi uja anachita mantha, mantha enieni. Mwamuna wake anali atamutayapo kale kamodzi, tsiku la pakhonde lija. Anadziwa kuti chinthu ichi chikafa amutayanso kachiwiri, ali chikhalire pampando, akumuyang'ana. Kompyuta yatsopano sakanatha kuigula. Anaitana wakabaza kuti amutenge, iye ndi kompyutayo, kupita kwa mmisiri wina wokonza zamagetsi kumsika. Asananyamuke anaivula juzi ija, nkuipinda bwinobwino, nkuisiya patebulo. Anati ingade ndi fumbi la kumsika.

Mmisiriyo anali bambo wa imvi, wosafulumira pa chilichonse. Anamvetsera nkhani yonse mpaka kumapeto. Anayamba ndi nthambo yopita ku sikirini, anaizula, anaiyang'ana mano, anaibwezera nkuimangitsa. Anachotsa mapulogalamu akale amene ankangodzuka okha kompyuta ikayaka. Kenako anamasula chitseko cha m'mbali mwa bokosi.

Nachisale anasuzumira, ndipo anaiwala kupuma. Zaka zonsezi ankaganiza kuti m'katimo muli mawaya ongopiringizana. Koma munali mudzi wathunthu, monga mmene tauni imaonekera munthu ali pamwamba pa phiri: timisewu tasiliva towongoka, tinyumba takuda, tinkhokwe toimirira m'mizere. Pakati pa zonsezo kafani kakang'ono kankazungulira mwakachetechete.

"Mawu a amuna anga amadutsa m'tinjira timeneti?" anafunsa monong'ona.

"Momwemo, mayi," anatero mmisiri.

Anapemerera fumbi, koma linali lochepa. Anati zikuoneka kuti amaisamala, ndipo Nachisale anamva kukoma mumtima. Mmisiri anaiyatsanso pabenchi poyera nkuisiya ikugwira ntchito masana onse. Mzere sunabwere ngakhale umodzi. Zilembo zinkatuluka chala chisanachoke pabatani.

Nachisale anabwerera kunyumba akuimba. Anailumikiza, anaiveka juzi yake, anamanga mabatani onse, chitenje pamwamba. M'mawa mwake, tiyi asanazizire, mizere ija inabwereranso.

Anaivulanso, anaikwezanso pakabaza. Ulendo uno mmisiri anaiyesa ndi sikirini ina, anazula tizipangizo tina ta m'kati nkutipukuta, anaipatsa ntchito yolemera dala kuti aione ikugwa. Sinagwe. Anakanda imvi zake nthawi yaitali.

"Mayi, kuno ilibe matenda," anatero. "Ikuchira kwanga, ikudwala kwanu. Ndiloleni ndikaone pamene imakhala."

Nachisale sanafune. M'nyumba mwake munali mutatenga nthawi osalowa mlendo. Koma mantha anaposa manyazi, ndipo anavomera kuti abwere mawa lake.

Mmisiri anafika dzuwa litakwera, koma pabalaza paja panali mdima ngati kukubwera mvula. Pampando panali mulu wa mabulangete, ndipo pamwamba pa muluwo panali maso awiri akuthwa. Anagwada, anapereka moni kwa aNgozo, anagwira dzanja lawo lamanzere ndi manja ake onse awiri. Atatero anatembenukira kukona, nkuona bokosi lija lili m'juzi yofiira, chitenje pamutu.

Ine ndikanaseka, sindinama. Iye sanaseke. Anaona kuti ulusi uja unalukidwa ndi munthu amene sankagona. Anakhala pansi nkudikira mpaka mizere inayamba kuvina pa sikirini ndipo kulira kuja kunakula.

"Mayi, lowetsani dzanja m'kati mwa juzimo."

Nachisale analowetsa, nkulitulutsa msangamsanga. Chitsulo chinali chotentha ngati chivundikiro cha mphika wa pamoto.

"Mayo ine! Malungo?"

"Tsono imapumira pati?" anafunsa mmisiri.

"Kupuma? Chitsulo chimapumanso?"

Mmisiri anamuuza mofatsa. Anati chinthu ichi chikamagwira ntchito chimatentha. Anati kumbuyo ndi m'mbali mwake muli timabowo, ndipo kafani kamene anakaona kaja ntchito yake ndi kukoka mpweya wozizira ndi kutulutsa wotentha. Chisanu cha Dedza sichiivuta, chimaithandiza kumene. Koma timabowo tikatsekeka, imadzichedwetsa yokha kuti isapse. Mizere ija ndi chizindikiro choti kutentha kwafika pachimake. Kulira kumene ankakumva masiku onsewo kunali kafani kaja, kakuthamanga ndi mphamvu zake zonse kufunafuna mpweya m'kati mwa ulusi.

Mmisiri sanaikhudze juziyo. Anaisiyira mwini wake.

Nachisale anagwada. Anachotsa chitenje. Anamasula mabatani limodzilimodzi, nkuivula. Atayika chikhatho kumbuyo kwa bokosi, anamva mpweya wofunda ukumuwomba padzanja, mosalekeza, ngati wa mwana wogona. Thupi lonse linachita tsemwe. Chinthu chopangidwa ndi manja a anthu, chopanda magazi, chopanda mapapo, ndipo chinali kupuma! Anakhala chigwadire, dzanja lili pomwepo, akumva mpweyawo ukuzizira pang'onopang'ono ndi kulira kuja kukutsika mpaka kutheratu.

Mmisiri anaizimitsa, anadikira pang'ono, anaiyatsanso. Sikirini inayera mbee. Anakokera mabatani olembera pafupi ndi aNgozo, iye nkubwerera kukaima kukhomo.

Chala chija chinatuluka m'mabulangete. Chinadina, chinapuma, chinadinanso. "Ndikufuna."

Pakamwa pa Nachisale panali patatseguka kale. Dzanja lake linali litagwira kale bulangete lina pampando. Koma chikhatho chake chinali chikadali chofunda ndi mpweya uja, ndipo anachiyang'ana. Analisiya bulangete. Anadzigwira pakamwa ndi dzanja lomwelo, nkudikira.

Kudikira kwake kunali kowawa. Chala chinkasochera, chinkafufuta, chinkayambiranso. M'nyumba monse munalibe china chomveka koma kugogoda kwa batani ndi kafani kaja. Koma ulendo uno kompyuta sinaime, ndipo mawu anafika mpaka kumapeto kwake.

"Ndikufuna dzuwa. Ndikufuna anthu. Sindinafe, Nachisale."

Mayi uja anawerenga, anawerenganso. Anayang'ana mwamuna wake ngati akumuona koyamba chichokereni kuchipatala, ndipo anaona thukuta likutsika pansi pa chipewa. Miyezi yonseyi mawu amenewa anali panjira, iye nkumawatchingira ndi bulangete. Anamva chisoni chachikulu, anamvanso mantha enieni, oti munthu angathe kukwiriridwa ali moyo ndi manja omukonda.

Anawavula chipewa. Anamasula sikafu. Anakoka makatani, anakankha mazenera amene anali atayamba kale kuuma m'mahinjesi. Kenako iye mbali ino, mmisiri mbali inayo, ananyamula mpando ndi mwini wake yemwe mpaka pakhonde pomwe anagwera paja.

Dzuwa linawagwera pankhope. ANgozo anatsinzina, koma sikunali kutsinzina kuja kwa m'nyumba. Mphepo ya kuphiri inawagwedeza imvi. Mumsewu munkadutsa mnzawo wina wa pabawo, atanyamula khasu. Anaima, anatchinga dzuwa ndi dzanja kuti aonetsetse, khasu nkugwa pansi.

"ANgozo! Kodi ndinu? Ife timayesa munasamukira ku Lilongwe!"

ANgozo anatukula dzanja lamanzere m'mwamba. Pakhosi pawo panatuluka mawu okhota, osamveka bwino, amene Nachisale anali asanawamve chigwereni. Kunali kuseka.

Inu amene mwandimvera, aliyense wa inu ali ndi wina amene akumusunga: kholo lokalamba, mwamuna kapena mkazi wodwala, mwana amene mumamuopera dziko. Mumamukonda, palibe akutsutsa. Koma mukaona kuti wayamba kuchedwa, wayamba kuzilala, mawu ake akuduka panjira, musathamangire kukatenga bulangete lina. Lowetsani dzanja pansi pa zimene mwamufunditsazo, mumve. Dzifunseni kuti, kodi munthu uyu akupumira pati? Ndipo akayamba kunena kuti "Ndikufuna," gwirani pakamwa panu mpaka amalize yekha.