Khutu Lotupa la Nkhumba ya Dalaivala

Dalaivala atapuma pa ntchito yoyendetsa mabasi, anamanga khola la nkhumba kuseri kwa nyumba, moyandikana ndi la nkhuku za mkazi wake. Anali ndi nkhumba zazikulu zinayi ndi tiana tisanu. Koma mtima wake wonse unali pa nkhumba yoyera yaikazi, ya khutu long'ambika, imene inali ndi bere lokhwima. Munthuyu ankakonda kunena kuti nkhumba ndi injini basi, ukaithira mafuta iyenda.

Zinthu zinayamba kusokonekera tsiku limene wogulitsa nyama anabweza mutu wa nkhumba imene anagula kwa iye. M'khosi mwake munali tizotupa toyera, tolimba ngati timiyala. Mkazi wa Dalaivala sanachite nazo mphwayi, anaitanitsa dokotala wa ziweto.

Dokotalayo anali mayi wamfupi, wolankhula ngati akuthamangitsidwa. Anabaya nkhumba zazikulu zonse kuseri kwa makutu onse awiri, akulemba m'kabuku.

"Tikuyeza chifuwa chachikulu, bambo," anatero akulongedza chikwama. "Kumanzere ndabaya mankhwala oyezera kachilombo ka mbalame, kumanja ka ng'ombe. Pakatupa musachite kalikonse. Ndibwera mkuja kudzaona ndekha. Mwamva?"

"Ndamva bwinobwino," anayankha Dalaivala.

Zoona zake n'zakuti m'mutu mwake munatsala mawu awiri okha, kutupa ndi chifuwa chachikulu. Za mbalame ndi ng'ombe zinamuzunguza. Zimalowa bwanji m'khutu la nkhumba? Funso linafika pamlomo, koma analimeza. Munthu amene wayendetsa basi zaka makumi atatu sakanaoneka mbuli pamaso pa mkazi wake.

Kutacha anapeza khutu limodzi la nkhumba yoyera ija litatupa, lofiira, lotentha. Zinazo zinalibe kanthu. Ngakhale yamphongo yowonda, imene inakhala ikutsokomola ndi kukana chakudya kwa masabata ambiri, makutu ake anali osalala.

"Imbani foni, bambo," anatero mkazi wake. "Paja anati kumanzere n'kwina, kumanja n'kwina."

"Kumanzere kwa yani? Kwa ine kapena kwa nkhumba?"

Anaima kutsogolo kwa nkhumbayo, chotupa chinali kumanja. Anazungulira n'kuima kumchira, chotupa chinali kumanzere. Anabwereranso kutsogolo, thukuta lili kamukamu.

"Ndiye n'chifukwa chake ndikuti imbani," anatero mkaziyo.

"Ndiimbe kufunsa chinthu chooneka ndi maso? Mayi, tayala likatupa umalichotsa lisanaphe anthu."

"Nanga yowondayi, yodwala chonchi, bwanji sinatupe?"

"Yakhoza mayeso. Mwina ndi njoka zam'mimba chabe."

Dzuwa lisanafike pamutu, nkhumba yoyera inali itaphedwa ndi kukwiriridwa m'dzenje kumapeto kwa mpanda, bere lake lili m'mimba. Dalaivala anakwirira yekha, misozi ikulengeza, akudzilimbitsa mtima kuti wapulumutsa khola. Kenaka anatsuka chipinda cha nkhumba yoyerayo m'kholamo, chomwe chinali chouma bwino ndi chogundana ndi cha tiana, n'kulowetsamo yamphongo yowonda ija kuti ipeze bwino.

Tsiku lolonjezedwa dokotala anabwera. Anawerenga nkhumba, n'kuwerenganso.

"Yoyera ija ili kuti?"

Dalaivala anafotokoza monyadira pang'ono, ngati munthu woyembekezera kuyamikiridwa. Dokotala anaika chikwama pansi.

"Linatupa khutu liti?"

Dalaivala anayamba kukweza dzanja ili, n'kutsitsa, n'kukweza linalo. Mkazi wake ndiye anayankha: "Long'ambika lija, adokotala."

Dokotala anatsegula kabuku. "Long'ambika ndi lakumanzere. Limenelo ndi la kachilombo ka mbalame. Nkhumba yanu inakumana nako m'zitosi za nkhukuzi, thupi lake linakazindikira ndipo linkalimbana nako. Kutupako kumasonyeza kuti asilikali a m'thupi mwake ali maso. Tikanangoipatula, n'kutalikitsa nkhuku, n'kumaiyang'anira. Ikanaswa."

"Ndiye kuti yotupa inali yamphamvu?"

"Imeneyo inde."

"Ndipo yosatupa ndi yabwino?"

"Ziwirizi ndi zabwino. Koma iyi," anatero akuloza yamphongo yowonda, imene inali kutsokomolera pa mpata wa matabwa pomwe tiana tinasonkhana, "iyi ndi imene ndikuiopa. Matenda akafika patali, asilikali a m'thupi amatheratu mphamvu. Ungabaye bwanji, palibe wodzuka kudzayankha. Anailowetsa muno ndani?"

Dalaivala anakhala pa ndowa yovundikira, atagwira mutu.

"Adokotala, mundithandize. Kutupa n'kwabwino kapena n'koipa?"

"Zimatengera khutu lake, kukula kwa chotupacho, ndi mmene chiweto chikuonekera. N'chifukwa chake ndinati mundidikire. Funso limeneli mukanandifunsa dzana, ndikanakhala pansi n'kukufotokozerani."

Yamphongo ija inaphedwa tsiku lomwelo, ndipo ataitumbula anapeza mapapo ndi chiwindi zili tizotupa tokhatokha. Tiana tinatsekeredwa patokha kwa miyezi iwiri kudikira kuyezedwa, ndipo tiwiri mwa tisanu sitinapulumuke. Khola la nkhuku linasamutsidwira kutsogolo kwa nyumba.

Anzake a Dalaivala akamamufunsa kuti nkhumba yake yoyera ija inafa ndi chiyani, amayamba kufotokoza za makutu, mbalame ndi ng'ombe, n'kusokonezeka pakati, n'kusiya. Mkazi wake ndi amene amamalizitsa, ndipo sachulukitsa mawu. Amati nkhumbayo sinafe ndi matenda, inafa ndi manyazi a mwini wake. Akuluakulu sananame pamene anati safunsa adadya phula.