Nkhope ya m'Kalilole wa Kabati

Kalekale, koma osati kale loti nyama zinkalankhula, kale la dzana lomweli mafoni atafika kale m'midzi, kufupi ndi Lizulu kunkakhala mayi wina wamasiye, a Nasibeko. Amuna awo, a Chikafa, anali wojambula zithunzi. Kwa zaka makumi atatu anazungulira midzi ya ku Ntcheu pa njinga, kamera yawo ya miyendo itatu ili pakaliyala, kujambula maukwati, maubatizo ndi makanda. Koma paja woumba mbiya aphikira m'phale. Tsiku limene anamwalira, anthu anasanthula nyumba yonse kufuna chithunzi chawo, osachipeza ndi chimodzi chomwe. Moyo wawo wonse anaima kuseri kwa kamera.

Patapita zaka zisanu, maso a mayiwo anayamba kuchita chifunga. Kuchipatala anawauza mosabisa kuti mvula ikamadzagwa, nkhope ya munthu sadzaizindikiranso. A Nasibeko sanalirire maso. Chinawaliza n'chakuti nkhope ya amuna awo inali itayamba kufufutika m'mutu mwawo. Mawu awo ankawakumbuka, fungo la jekete yawo ankalikumbuka, koma nkhope ayi.

Anaitana ana awo atatu n'kutulutsa kamera ija m'sutikesi.

"Ana inu, chatsala cha bambo anu ndi ichi chokha. Amene andionetse nkhope yawo maso anga asanatsekeke, kamerayi ndi yake."

Kamerayo sinkajambulanso, mafilimu ake anasiya kupezeka kalekale. Komabe onse atatu ankaifuna ndi mtima wonse, chifukwa lamba wake anali atada ndi thukuta la m'manja mwa bambo awo.

Woyamba kubadwa, Lemekezani, sukulu sanapite nayo patali, koma miyendo ndi pakamwa Mulungu sanamumane. Anasiya dimba lake la kabichi m'manja mwa mkazi wake n'kulowa m'midzi yonse imene bambo ake ankajambulako. Khomo lililonse ankaodira, kupempha kuti aone zithunzi zakale. Ena ankamuyesa wamisala, ena ankamupatsa mpando. Anaona maukwati mazana, ena oti anatha ngakhale chaka chisanathe, koma bambo ake osawaona. Sabata yachisanu ndi chimodzi, mapazi atatupa, anafika ku Tsangano kwa mphunzitsi wina wopuma. Pachithunzi cha ukwati wake, kumbuyo kwa mkwati ndi mkwatibwi, anali ataimika kabati yamphatso yokhala ndi kalilole. M'kaliloleyo munali kamunthu kakang'ono ngati njere ya nyemba, kataima pambali pa kamera, dzanja lili m'mwamba. Lemekezani anakhala pansi n'kulira pakhomo la eni. Mphunzitsiyo anamubwereka chithunzicho.

Wachiwiri, Tiyanjane, ankachita kafukufuku kuyunivesite. Ntchito yake inali kuphunzitsa kompyuta kukonza zithunzi zowonongeka, ndi kufufuza mmene diso la munthu limazindikirira nkhope. Anatenga chithunzicho n'kuchilowetsa m'makina. Atakulitsa kanjere kaja, panangotuluka madontho otuwa. Anauza makinawo kuti adzaze pamene panasowa, ndipo posakhalitsa anamubweretsera bambo wokongola, wakhungu losalala, wamano ogundana bwino. Anzake a muofesi anaombera m'manja. Tiyanjane anamuyang'ana mlendoyo kwa nthawi, kenako anamufufuta. Bambo ake anali ndi mpata m'mano ndiponso khutu lakumanzere lopindika chifukwa chopanirapo pensulo. Makinawo anangopeka munthu wawo.

Anayambiranso, ulendo uno osalola makina kuwonjezera chimene sichinali papepala. Kwa masabata atatu anachotsa litsiro ndi mikwingwirima dontho ndi dontho, mpaka mpata wa m'mano uja unaonekera wokha. Ankadziwa kuti diso lofooka siligwira timizere tating'ono, limagwira mithunzi ikuluikulu ya m'maso, pamphuno ndi pakamwa. Choncho pakuda anadetsa, poyera anayeretsa, n'kusindikiza chithunzi chachikulu ngati theka la chitseko. A Chikafa anatuluka ali kukamwa yasa, akuuza anthu kuti asekerere.

Tiyanjane anapita nacho kumudzi. Lemekezani atangochiona anavula chipewa. Anachiimika pamaso pa mayi awo. A Nasibeko anatong'ola maso, anasendera pafupi, anabwerera m'mbuyo.

"Ndikuona mapewa ndi dzanja," anatero motsitsa mawu. "Koma pakatipa pali mtambo. Paliponse pamene ndayang'ana, mtambowo wafika kale."

Anatembenukira kukhoma. Tsiku limenelo palibe anadya.

Wotsiriza, Elube, ndi amene ankakhala ndi mayiwo. Sanayende mtunda, ndipo kompyuta ankangoimva kwa mkulu wake. Koma kuona maso a nkhono n'kudekha. Miyezi yonseyo iye anali ataona kuti mayi ake akafuna kapu patebulo, ankaiphonya akaiyang'anitsitsa, koma ankaigwira msanga akayang'ana pawindo. Mlendo akabwera, ankamulonjera akuyang'ana paphewa lake. Anthu ankati ndi manyazi a ukalamba. Elube ankadziwa kuti pakati pa diso ndi pamene panafa, m'mbali munali moyo.

M'mawa mwake dzuwa litalowa bwino m'nyumba, anatsamiritsa chithunzicho pafupi ndi chitseko n'kukhazika mayi ake pampando.

"Amayi, musawayang'ane bambo ayi. Yang'anani msomali uja ankapachikapo jekete. Maso anu akhale pomwepo."

Mayiwo anadandaula kuti mwanayu akuwaseweretsa, komabe anamvera. Anayang'ana msomali. Elube anasendeza chithunzicho pang'ono, n'kusendezanso. Kenako a Nasibeko anaseka, misozi ili chuchuchu.

"Ndi omwewa. Khutu lawo lija ilo. Ana inu, mukudziwa kuti ndi mmene ndinawaonera tsiku loyamba pamsika wa Lizulu? Mtsikana wa nthawi yathu sankayang'ana mwamuna m'maso. Ndinkayang'ana tomato, iwo ndikuwaona cham'mbali."

Kuyambira tsiku limenelo, m'mawa uliwonse ankakhala pampando uja kuyang'ana msomali. Mvula itagwa, mtambo uja unakula n'kuphimba chithunzi chonse monga anawauzira kuchipatala. Koma sanadandaule. Ankati nkhopeyo anali atailowetsa kale m'nyumba, tsopano chitseko chikhoza kutsekeka.

Vuto linatsala pa kamera. Anawo sanakangane, poti ankakondana, koma aliyense ananena zakukhosi. Lemekezani anati akanapanda kutupitsa mapazi, bambo awo akanakhalabe m'kabati ya eni ku Tsangano. Tiyanjane anati njere ya nyemba si nkhope, ndipo akanalola bodza la makina, mayi awo akanasunga mumtima mwamuna wachilendo. Elube sanachulukitse mawu. Anangokumbutsa abale ake kuti chithunzicho chinaima pamaso pa mayi awo tsiku lathunthu, iwo osawaona bambo.

A Nasibeko akhala pamphasa mpaka lero, kamera ili pamiyendo, zala zikusisita lamba uja. Kuidula patatu sizingatheke, kubweza mawu awo sakufuna, ndipo kukhumudwitsa mwana ndi mmodzi yemwe mtima ukuwakanira.

Tsono inu amene mwamva nkhaniyi, athandizeni mayiwa. Amene anawaonetsa nkhope ya amuna awo ndani: Lemekezani amene anaipeza, Tiyanjane amene anaitulutsa m'madontho osainamizira, kapena Elube amene anadziwa poyang'ana?