Malaya Amene Anakana Mutu

Pa nyumba ina yosamalira okalamba ku Barking, kutsidya kwa nyanja, pankagwira ntchito bambo wina dzina lake Biswick. Asanakwere ndege anakhala zaka makumi awiri akupalasa mashini osokera pa khonde la sitolo ku Balaka. Kuno ankasambitsa ndi kudyetsa nkhalamba, koma utelala sunamuchoke. Akaona batani likulendewera pa jekete la munthu m'basi, zala zake zinkayabwa. Chilema chake chinali chimodzi: pa nkhani ya nsalu, Biswick anali samva za anzake.

Mwa okalamba onse, mtima wake unali pa bambo Killian, chimunthu cha chifuwa chotambalala. Mkuluyu anali wa gulu la anthu amene nyengo yozizira iliyonse amamanga misasa m'paki, kuvala monga ankavalira makolo awo zaka chikwi zapitazo, n'kukhala moyo wakalewo tsiku lathunthu anthu akuonerera. Iwo ankakhala wosula zitsulo. Tsopano miyendo inali itakana, ndipo nzeru zinkangobwera n'kupita ngati nkhungu. Koma ukatchula msasa, maso awo ankayera, dzanja n'kuyamba kukhoma pa bondo ndi nyundo yosaoneka.

Tsiku lina mlongo wawo, mayi Marjorie, anabwera ndi mpukutu wa nsalu yotuwa ya ubweya wa nkhosa.

"Adokotala akuti chisanu chino chingakhale chomaliza kwa iye," anauza Biswick motsitsa mawu. "Ndikufuna akakhale pa moto wake ndi anzake kamodzi kokha. Koma wovala zamakono salowa mu msasa, amaima kuseri kwa chingwe ndi oonerera. Malaya ake akale anatha ndi njenjete, ndipo zala zangazi sizigwiranso singano."

"Mayi, mwafika pa khomo penipeni. Zisiyeni m'manja mwanga."

"Ndi malaya osavuta, ovalira kumutu, opanda batani. Koma musanadule, muiviike kaye nsaluyi m'madzi ofunda, iume yokha. Ubweya umachepa ukalawa madzi koyamba."

Biswick anamwetulira mwaulemu, mawu akulowera khutu ili n'kutulukira linalo. Kumuuza iye za nsalu? Nthawi inalipo, milungu itatu yathunthu, koma Loweruka lomwelo kunyumba kwake ku Ilford anayala nsalu pa tebulo youma gwa, n'kulemba mizere ndi choko.

Mkazi wake Atikonda, namwino, anamupeza atagwira sizasi. "Abambo, mesa amayi aja anati muiviike kaye? Juzi yanga ija mwaiwala? Inatuluka m'mashini ochapira ngati ya mwana wa ku nazale."

"Inu mumadziwa jakisoni, ine ndimadziwa nsalu. Pitani ku shifiti, mungaphonye basi."

Anadula molingana ndi thupi ndendende monga amadulira suti, osasiyako malo ngakhale a chala. Ankasoka pa manja, poti gululo silifuna msoko wa mashini. Masana akaweruka ankakhala pa windo, mvula yowaza ikutsetsereka pa galasi, fungo la nkhosa likumutengera kutali. Singano ikalowa, ankaona bambo Killian ali mnyamata, moto ukuthetheka pamaso pawo. Ikatuluka, ankaona khonde la ku Balaka ndi fumbi la dzuwa la masana. Kenako maloto ankakula. Ankaona anthu a mu msasa akugwiragwira mpendero wa malaya n'kumafunsana kuti, "Wasoka ndani?" Ankaona kashopu kakang'ono ku Barking, dzina lake lili pamwamba pa chitseko. Ndipo tinene zoona, msoko wake unali wokongola, wowongoka ngati mzere wa nyerere.

Kutatsala tsiku limodzi, anaona kuti choko ndi thukuta la zala zadetsa malaya. Telala weniweni sapereka chovala chakuda. Anawachapa monga anachapira zitenje moyo wake wonse: madzi otentha, sopo wambiri, kufikisa mwamphamvu, kufinya, n'kuyanika pa hita yotenthetsera m'nyumba. M'mawa akuwapinda anamva kuti akhuthala, koma anadziuza kuti ubweya ndi mmene umakhalira.

Anapeza bambo Killian atametedwa kale ndevu, nzeru zili zonse ngati kuti tsikulo linawadzutsa. Anakweza manja okha kuti avekedwe. Malaya anatsika, n'kuima pa mphumi. Biswick anakoka, koma khosi linakana. Anatulutsa sizasi n'kukulitsa, mutu unadutsa, mapewa n'kukana nawonso. Manja a malaya ankalekera m'zigongono, ndipo nsalu inali italimba ngati bulangete lakale. Nsalu yotsala panalibe, komanso mu gulu lonse munalibe wa thupi ngati lawo woti n'kuwabwereka.

Mayi Marjorie sanakalipe. Anangofunsa kuti, "Munaiviika musanadule?"

Biswick anayang'ana pansi.

Ku paki anapitabe. Nkhungu inali itagona pa udzu, utsi wa nkhuni ukuyandama pakati pa misasa, anthu ovala zotuwa akuyenda mwakachetechete ngati a m'maloto. Biswick anakankha chikuku cha mkuluyo mpaka pa chingwe. Bambo Killian anali mu jekete lofiira la zipi, malaya aja ali pa miyendo. Anzawo atawaona anasiya ntchito n'kubwera.

"Lowa choncho, Killian," anatero mmodzi akukweza chingwe. "Lero lokha palibe angadandaule."

Mkuluyo anapukusa mutu. "Lamulo limenelo ndinaika ndine. Zaka makumi atatu ndabweza anthu pa chingwe pano. Tsitsa."

Chingwe chinatsika. Anakhala pomwepo pakati pa alendo ojambula ndi mafoni, akuyang'ana munthu wina akusula pa moto wawo, dzanja likukhoma pa bondo mogwirizana ndi nyundo. Dzuwa litapendeka nzeru zinayamba kuwachokera. Anatenga malaya aja, n'kuyendetsa chala pa msoko pang'onopang'ono.

"Msoko wabwino uwu," anatero, akuyang'ana Biswick ngati mlendo. "Wasoka ndani?"

Linali funso limene Biswick analilota milungu itatu. Linamulasa mumtima, ndipo anangowerama n'kuwakonzera bulangete kumapazi, misozi ikulengeza.

Mitengo isanaphuke masamba, bambo Killian anatsikira kuli chete. Malaya aja mayi Marjorie anamupatsa Biswick, ndipo mpaka lero ali m'kabati ku Ilford, pamwamba pa mashini osokera. Munthu akamubweretsera nsalu, amayamba wafunsa mwiniwake chimene akuidziwira, n'kumvetsera mpaka amalize. Akulu akale sananame: ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.